Chambo, tchipisi ndi mpunga wa nkhuku: kuphika za ku lesitilanti pakhomo panu

Amayi anzanga, amene munayendapo pa msewu wa M5 kuchoka kuno ku Dwambazi kupita ku Dwangwa, kapena kulowera kumpoto ku Chintheche ndi ku Nkhata Bay, mukulidziwa fungo limene limalonjera munthu minibasi ikangoima pa siteji. Apa chiwaya cha tchipisi chikuthetheka, apo anyamata akutembenuza kanyenya, m'kalesitilanti ka kuseri akupakula mpunga wa nkhuku ndi chambo chokazinga. Ana athu fungo limeneli amalidziwa kuposa ife. Abambo nawo akalandira ya nzimbe kapena akagulitsa nsomba, sachedwa kukhala pa benchi n'kuitanitsa mbale. Kulakalaka chakudya chokoma si mlandu. Chodandaulitsa n'chakuti ndalama ya mbale imodzi ya munthu mmodzi ikanatha kugula ndiwo za nyumba yonse, komanso zimene zikulowa m'thupi kudzera m'mbale imeneyo sitiziona ndi maso.

Amayi ambiri amafunsa kuti: "Kodi a m'malesitilanti amathiramo chiyani kuti ndiwo zawo zizikoma chotere? Ife tikaphika nsomba yomweyo, bambo a kunyumba amangoti yasowa kanthu." Yankho lake lili pawiri. Kukoma kwina kumachokera ku luso la wophika, ndiko kudziwa moto, kudziwa nthawi ndi kudziwa choyamba kulowa m'poto. Kukoma kwinako kumachokera ku mafuta ochuluka, mchere wambiri ndi zokometsera za m'timapepala. Luso lija tingathe kulitenga lonse popanda kulipira tambala. Mafuta ndi mchere wochulukawo tiwasiye komweko. Mukagwira luso, mudzaona kuti mafuta a masupuni atatu akugwira ntchito imene ena amathirira theka la botolo.

Mphika ndi thanzi la banja

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la WHO, unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lija timangoti BP, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Paja chakudza sichiimba ng'oma. BP siipweteka poyamba. Munthu amangodzidzimuka wafa ziwalo mbali imodzi, kapena impso zafooka.

Kafukufuku wina wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anaonetsa vuto linanso. Ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo mayi mmodzi mwa atatu a msinkhu wobereka anali ndi magazi ochepa m'thupi. Kawirikawiri mavuto awiriwa amagona m'nyumba imodzi: agogo ali ndi BP, mdzukulu sakukula bwino, onse akudya za mphika umodzi.

Ife a kunyanja tili ndi chifukwa chapadera chosamalira ndiwo. Nsima ya kondowole imakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma zomanga thupi zilimo zochepa kwambiri. M'magalamu 100 a ufa wa kondowole muli galamu imodzi kapena awiri okha a zomanga thupi, pamene mu mgaiwa muli 8 kapena 9. Ndiye kuti kwathu kuno katundu yense amasenza ndi ndiwo. Mwana akadya tchipisi ndi chakumwa cha m'botolo masana, madzulo n'kudya kondowole ndi msuzi wokha, wagona wokhuta koma thupi lake silinalandire chomangira. Ku sikelo timakumbutsana za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama ndi nsomba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale ya pa chiwaya imakhala ndi magulu awiri, ikachuluka atatu. Mbale yomweyo mukaphika nokha mungathe kuikamo onse.

Zinthu zisanu zimene wophika waluso amachita

Choyamba, amaumitsa chimene akufuna kukazinga. Nsomba kapena mbatata yonyowa ikalowa m'mafuta, mafutawo amazizira, chakudya chimayamba kuwira m'madzi ake, chimamatirira ku chiwaya ndi kumwa mafuta ngati thonje. Mukatsuka nsomba, ipukuteni ndi kansalu koyera, kapena iikeni pa lichero mutavundikira kuti idonthe.

Chachiwiri, amadikira kuti mafuta atenthe. Ponyanimo kachidutswa ka anyezi. Kakathetheka nthawi yomweyo, mafuta afika. Kakangomira phee, dikirani. Mafuta akayamba kufuka utsi ndiye kuti apsa, chepetsani moto. Musadzazenso chiwaya. Nsomba zikathithikana zimatulutsa madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo kukazinga kumasanduka kuwiritsa.

Chachitatu, sathamangira anyezi. Anyezi ali ndi kashuga kake kachilengedwe kamene kamatuluka akapsa pang'onopang'ono. Mukazingeni pa moto wapakatikati kwa mphindi 8 kapena 10, mukutakasa, mpaka afiire ngati uchi. Fungo limene mumalimva mukudutsa kuseri kwa lesitilanti ndi limeneli. Ambiri a ife timathira tomato anyezi akadali woyera chifukwa nsima ili pamoto ndipo ana akulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachinayi, amapsetsa tomato. Mukathira tomato wodula bwino, musathamangire kuthira madzi. Mulekeni aphwe madzi ake mpaka asanduke phala lofiira ndipo timafuta tiyambe kuoneka m'mbali mwa poto. Apo m'pamene kuwawasa kwake kumatha. Kenako thirani madzi otentha pang'onopang'ono. Msuzi wake umagwirana wokha popanda chothira china.

Chachisanu, amadziwa ntchito ya ndimu, adyo, jinja ndi tsabola. Madzi a ndimu amadzutsa lilime, kotero kuti ndiwo za mchere wochepa zimamveka ngati mchere wakwana. Adyo amalowa anyezi atatsala pang'ono kupsa, chifukwa akapserera amawawa.

Chambo chokazinga

Chambo chayamba kusowa ndipo mtengo wake mukuudziwa. Njira ino imagwiranso ntchito pa ncheni, batala, utaka waukulu, zidutswa za kampango ndi makumba a m'madamu. Tiana ta chambo, kasawala, musagule ngakhale atchipe bwanji, ndipo nyengo imene boma limatseka nyanja kuyambira mu Novembala tiilemekeze, chifukwa m'pamene chambo chimaswa.

Posankha nsomba yang'anani maso ake akhale owala, mopumira mwake kuseri kwa mutu mukhale mofiira, ndipo mukadina ndi chala mnofu ubwerere. Palani mamba, tumbulani, tsukani ndi madzi otetezedwa. Chekani mizere itatu mbali iliyonse mpaka mpeni ukhudze munga. Mizereyi imalowetsa zokometsera ndi moto m'kati, nsomba n'kupsa msanga kunja kusanapserere. Sinjani adyo, jinja pang'ono, tsabola ngati mumadya, ndi mchere wa kunsonga kwa supuni ya tiyi pa nsomba iliyonse. Finyiranimo ndimu, pakani m'mizere ndi m'mimba, n'kuvundikira kwa mphindi 20. Musapitirire, poti kwathu kuno n'kotentha.

Ipukuteni kunja, n'kuiwaza ufa woyera kapena wa kondowole pang'ono chabe, wongoti ugwire khungu. Thirani m'chiwaya masupuni odyera atatu kapena anayi a mafuta. Nsomba ikalowa, isiyeni. Musaigwedeze kapena kuisuzumira pansi. Ikapsa mbali imeneyo imadzimasula yokha ku chiwaya, pakatha mphindi 5 kapena 6. Itembenuzeni kamodzi kokha. Yapsa ngati mnofu wa pafupi ndi munga wayera ndipo ukusiyana ndi mungawo mosavuta.

Ngati m'nyumba muli wa BP kapena wa shuga, nsomba yokonzedwa chimodzimodzi iotcheni pa makala. Pakani mafuta supuni imodzi ya tiyi ndi kupakanso waya wootcherapo kuti isamatirire. Makala akhale ofiira opanda lawi. M'mahotela a m'mbali mwa nyanja chambo chootcha chotere alendo amachilipira ndalama zambiri.

Msuzi wake pangani padera monga tafotokozera: anyezi mmodzi wamkulu, tomato atatu, mafuta supuni imodzi. Mitu ya nsomba iwiritseni padera, madzi akewo ndiwo muthire mu msuzi.

Mchere ndi zokometsera za m'timapepala

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti supuni imodzi ya tiyi yosasefukira. Ana amafunika wocheperapo. Muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wonse: wa mu ndiwo, wa mu buledi, wa mu nsomba zoumitsa ndi mchere, ndi uja timawaza pa tchipisi ndi pa mango osapsa. Timakyubu ndi ufa wokometsera msuzi wa m'timapepala, pafupifupi theka lake ndi mchere. Mayi akathira kyubu n'kuthiranso mchere wa masiku onse, wathira kawiri osadziwa.

Chokometsera chabwino kuposa zimenezi muli nacho kale. Tengani usipa wouma bwino wopanda mchenga, muukazinge pa phale kapena pa chiwaya chopanda mafuta mpaka ununkhire ndi kuuma gwa. Ukazizira usinjeni pamodzi ndi mitu ndi minga yomwe, sefani, n'kusunga m'botolo louma lotseka bwino. Pangani wa sabata imodzi kapena awiri, chifukwa mafuta a nsomba akakhalitsa amayamba fungo. Supuni imodzi kapena awiri mu msuzi, mu nyemba kapena m'masamba imabweretsa kukoma kuja timakufuna mu kyubu. Kuwonjezera apo, usipa wodyedwa ndi minga yake umapatsa thupi zomanga thupi, kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi wothandiza magazi ndi zinki. Ufa womwewu ndi umene mungathire mu phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6.

Pochepetsa mchere musadule kamodzin'kamodzi, banja lingakukanireni ndiwo. M'mawa yesani mchere wa tsiku lonse m'kambale, ndipo sabata iliyonse muzichepetsako pang'ono. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa, mpaka chakudya chogula chimayamba kumveka chowawa mchere. Chotsaninso mchere pa mphasa podyera. Mchere umene mukugula ukhale wa ayodini, ndipo muziusunga m'chotsekera pouma, kutali ndi moto.

Tchipisi cha chinangwa ndi cha mbatata

Mbatata ya kachewere imachokera kutali, kumapiri a Dedza, Ntcheu ndi Ntchisi, n'chifukwa chake imafika kuno itadula. Ife tili ndi chinangwa ndi mbatata ya kholowa pakhomo. Chinangwa chopangira tchipisi chikhale chozuna, monga Manyokola amene ena amamutcha Mbundumali. Chinangwa chowawa chija timaviika popanga kondowole musachikazinge, ngakhale njala ikule bwanji. Chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chikaviikidwa masiku okwanira mpaka chifewe ndi kuyanikidwa bwino. Ku Nampula m'dziko la Mozambique, pa chilala cha mu 1981, anthu ambiri, makamaka amayi ndi ana, anapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira.

Mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Zondeni, ndiyo yoposa zonse kwa ana chifukwa ili ndi vitamini A woteteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi.

Chinsinsi cha tchipisi chosamwa mafuta ndi kuwiritsa kaye. Sendani, dulani mizere yofanana kukula ngati chala, chinangwa muchotse mtsitsi wa pakati. Ikani m'madzi owira kale. Mbatata iwire mphindi 4 kapena 5, chinangwa mphindi 10 kapena kupitirirapo, mpaka foloko ilowe koma chisaphwanyike. Khuthulani madzi, yalani pa lichero kuti nthunzi ituluke ndipo kunja kuume. Kenako kazingani m'mafuta ongokwana kuphimba pansi pa chiwaya, mukutembenuza mpaka chifiire mbali zonse. Poti m'kati mwapsa kale, mafuta amangogwira kunja. Chifiire ngati golide, chisade. Potsiriza finyirani ndimu ndi kuwaza tsabola pang'ono musanaganize za mchere.

Ana amakonda tchipisi cha mazira. Menyani mazira awiri, sakanizani ndi anyezi, tomato ndi masamba a mpiru kapena bonongwe odula tizidutswa ting'onoting'ono, thirani pa tchipisi m'chiwaya, n'kutembenuza mpaka dzira lipse lonse. M'mbale imodzi mwalowa magulu anayi, ndipo mukampatsa mwana nthochi kapena papaya pambuyo pake afika asanu.

Za mafuta ophikira

Mafuta ndi chakudya chofunika. Thupi silingatenge vitamini A wa m'masamba ndi mu mbatata popanda mafuta pang'ono, ndipo phala la mwana wamng'ono limafunika supuni ya tiyi ya mafuta kapena nsinjiro. Vuto limabwera pa kuchuluka kwake ndi pa kuwatenthetsa mobwerezabwereza. Mafuta akatenthedwa lero, mawa ndi mkuja, amasintha. Amada, amachita thovu, amanata, amafuka utsi msanga, ndipo m'kati mwake mumapangika zinthu zimene zimawononga mitsempha ya magazi. Wogulitsa pa chiwaya sangataye mafuta tsiku lililonse, phindu lake lingathere pomwepo. Inu pakhomo, mukamathira ochepa, simutsala ndi oti musunge.

Ngati atsala, asefeni pa kansalu koyera akazizira, muwasunge m'botolo lotseka, ndipo muwagwiritse ntchito kamodzi kapena kawiri basi. Musawasakanize ndi atsopano. Akada, atayeni.

Malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira ndi shuga zogulitsidwa zikhale ndi vitamini A. Vitaminiyu amawonongeka ndi dzuwa, choncho mafuta oyezedwa m'timapepala amene akhala padzuwa tsiku lonse pa benchi amakhala atataya mbali ya ubwino wake. Ngati n'kotheka, sonkhani awiri kapena atatu mugule botolo lotseka n'kugawana, ndipo kunyumba musunge pamthunzi.

Mpunga wa nkhuku

Mpunga wa Kilombero ndi wa Faya umene timalima m'madambo a m'boma lino uli ndi fungo lake kale. Chimene chimausiyanitsa ndi wa ku lesitilanti ndi madzi ophikira. Nkhuku yachikuda iduleni, muiwiritse ndi adyo, jinja, theka la anyezi ndi mchere pang'ono, pa moto wochepa mutavundikira, mpaka ifewe. Msuzi wakewo musataye, ndipo musalole kuti uphwe wonse. Vuulani nyama, idonthe, n'kuikazinga m'masupuni awiri a mafuta kuti ingofiira kunja. Nkhuku yachizungu ili ndi mafuta ambiri pansi pa khungu, kotero mungathe kuifiiritsa ndi mafuta ake omwe, ndipo wa BP ndi wa shuga mum'chotsere khungulo.

Sankhani mpunga, muutsuke kawiri kapena katatu, udonthe. M'poto kazingani anyezi mu supuni imodzi ya mafuta mpaka afiire. Thiranimo mpunga n'kutakasa kwa mphindi ziwiri kuti njere iliyonse igwire mafuta. Izi ndi zimene zimachititsa kuti mpunga usagwirane. Mukafuna mtundu wachikasu uja, thirani theka la supuni ya tiyi ya chikasu chosinja. Kenako thirani msuzi wa nkhuku wotentha, mowonjezera madzi, makapu awiri pa kapu iliyonse ya mpunga. Mpunga watsopano umafuna madzi ocheperako. Ukawira ikanimo karoti, zitheba kapena nsawawa, vundikirani, chepetsani moto, ndipo musatakasenso. Madzi akaphwa, phulani moto wapansi n'kuika makala ochepa pa chivundikiro kwa mphindi 10.

Pano pali chenjezo kwa ife amene timaphika pa maukwati, pa ubatizo ndi pa Khirisimasi. Mu mpunga mumakhala tizilombo tina timene sitifa ndi kuwira. Mpunga wophika ukakhala wofunda kwa maola ambiri, tizilomboti timaswana ndi kutulutsa poizoni amene sachoka ngakhale mutenthetsenso. Anthu amasanza ndi kutsekula m'mimba, n'kumanamizira nyama. Chakudya chophika chisakhale kunja kwa moto kupitirira maola awiri. Mpunga wa pa chikondwerero uphikidwe nthawi yodyera itayandikira, kapena ukhale pa makala uli wotentha mpaka upakulidwe. Nkhuku ipse mpaka pa fupa, pasaoneke magazi. Mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze tomato wa saladi.

Saladi ndi masamba

Kasaladi ka kabichi, tomato ndi anyezi kamene amaika pambali pa tchipisi n'kabwino, koma ndi kamene kamatenga matenda msanga chifukwa sikapita pamoto. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Nkhotakota ndi Nkhata Bay anakhudzidwa kwambiri. Madzi a m'nyanja kapena a mu mtsinje, ngakhale aoneke oyera, si otsukira saladi. Gwiritsani ntchito madzi owiritsa kapena othira klorini. Sambani m'manja ndi sopo, dulani saladi nthawi yodya itakwana, thirani ndimu ndi timadontho ta mafuta, ndipo yotsala musasunge. Anyezi mukamuviika m'madzi a ndimu kwa mphindi zochepa ukali wake umatha, ana n'kumadya. Kukamveka kolera m'dera, saladi yaiwisi muyambe mwaisiya, kabichiyo mumukazinge pang'ono.

M'malesitilanti masamba amangoika kakang'ono kokongoletsa mbale. Kwanu masamba atenge malo aakulu. Mpiru, repu ndi chayinizi zimakoma zikalowa mu anyezi ndi tomato wopsa kale n'kukhala pamoto mphindi zochepa, zikadali zobiriwira. Soda amafewetsa msanga koma amapha mavitamini ena, choncho pa masamba ofewa kale musathire. Chigwada chokha ndiye chosiyana. Chisinjeni bwino ndi kuchiwiritsa chosavundikira kwa mphindi zosachepera 30 musanathire nsinjiro, chifukwa masamba a chinangwa nawo ali ndi poizoni uja. Chikapsa bwino, chigwada chotendera chimabwezera zomanga thupi zimene kondowole alibe. Mtedza wa nsinjiro muusankhe: wachuku, wofota ndi wowawa utayeni, chifukwa chuku chimawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana.

Chakumwa nacho tichiganizire. Botolo limodzi laling'ono la zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 7 kapena 8. Madzi a bwemba, a malambe, a mango kapena a mandimu opangidwa ndi madzi otetezedwa, shuga wongolawitsa, amatsitsa mpunga bwino lomwe.

Pogawa chakudya

Mwana wosakwana zaka ziwiri mum'patulire chake musanathire tsabola ndi mchere womaliza. Nsomba muichotse minga mosamala ndi zala zosamba, muinyenye pamodzi ndi mbatata kapena mpunga ndi masamba. Akhale ndi kambale kake kuti muone chimene wadya. Msuzi wokha si ndiwo.

Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa asakhale womaliza kudya, wotola mitu ndi zotsala. Iye ndiye woyenera nthuli yabwino ya nsomba, dzira ndi masamba ambiri. Ndimu, bwemba kapena chipatso chodyera limodzi ndi chakudya chimathandiza thupi kutenga ayironi, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Mayi woyembekezera asaleke mchere wonse, poti ayodini amafunika pa ubongo wa mwana. Akayamba kutupa nkhope ndi manja, kumva mutu kwambiri kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, vuto limenelo silithera kukhitchini. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene ali pa mankhwala a BP kapena a shuga apitirize kumwa monga anauzidwa. Kuphika bwino kumathandizana ndi mankhwala. Inunso amene simunayezetsepo BP, mukapita ku chipatala cha Dwambazi kapena china chapafupi, pemphani akuyezeni. Sizitenga mphindi zisanu.

Moto ndi ana

Mafuta otentha amapsereza kwambiri kuposa madzi owira. Pokazinga, ana akhale kutali, wakumbuyo mum'tsitse kaye, ndipo chogwirira cha chiwaya chiloze kumene sikudutsa anthu. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imakhazika poto bwino kusiyana ndi mafuwa ogwedera, imasunga nkhuni, komanso moto wake ndi wosavuta kuchepetsa. Mafuta akagwira moto m'chiwaya musathire madzi, amalalikira. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pa balapo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, n'kupita naye kuchipatala. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, ufa kapena mafuta, ndipo matuza musaboole.

Kayeseni pamodzi

Zimenezi zimagwirika bwino ndi manja kusiyana ndi kuwerenga. Pa msonkhano wanu wotsatira wa amayi, wina abwere ndi nsomba, wina chinangwa chozuna kapena mbatata yofiira, wina anyezi ndi tomato, wina usipa wosinja. Phikani msuzi m'mapoto awiri, wina monga mwa masiku onse, wina wa anyezi wofiira bwino, tomato wopsa, ufa wa usipa, ndimu ndi theka la mchere. Amene sanaone pophika alawe ndi kunena umene wawakomera. Kenako werengetsani ndalama zimene zalowa, mugawe ndi chiwerengero cha amene adya, n'kufanizira ndi mtengo wa mbale imodzi pa siteji. Mukabwerera kunyumba sankhani tsiku limodzi pa sabata, kaya Lamulungu mukachoka ku tchalitchi, loti banja lizidya za ku lesitilanti pa mphasa yake. Ana aamuna ndi aakazi omwe muwapatse ntchito yosenda, yosinja ndi yoyang'anira anyezi, kuti lusoli likhale lawo.